Internet Archive: mabuku akale onena za kwathu ali mbwee, koma mukafukula nokha

Ndimaphunzitsa Chichewa ndi Histole pa sekondale ina yoyendera m'boma la Dedza. Laibulale yathu ndi kabati imodzi ya zitseko ziwiri mu ofesi ya ahedi, momwe muli mabuku a silabasi, ena opanda zikuto, ndi madikishonale awiri a Chingerezi. Ndiye aphunzitsi anzanga akamandiona ndikugawira ana a Fomu 3 mapepala a nkhani zolembedwa zaka zoposa 100 zapitazo, amandifunsa ngati ndili ndi mbale ku Zomba amene amanditumizira. Ndilibe. Zonsezi ndimazitenga pafoni, pa webusaiti ya archive.org, ya bungwe la Internet Archive. Ndati ndilembe mmene ndaionera ntchito yawo, zokoma ndi zotopetsa zomwe, kuti amene akufuna kuyesa asapsereze bandulo pachabe.

Bungweli lili ku San Francisco, ku America. Adaliyambitsa ndi Brewster Kahle mu 1996, ndipo si la bizinesi, limayendera thandizo la anthu akufuna kwabwino. Likulu lake ndi nyumba yomwe kale idali tchalitchi. Mwa ntchito zawo zambiri, amagwirizana ndi malaibulale a mayunivesite ndi nyumba zosungira zinthu zakale n'kumajambula mabuku tsamba ndi tsamba. Buku amaligoneka pa chipangizo chopindika ngati chilembo cha V kuti msana wake usathyoke, galasi limatsika kupanikiza masamba, makamera awiri amajambula, ndipo wotembenuza tsamba ndi munthu, ndi dzanja lake. N'chifukwa chake ukatsegula buku umaona zonse zomwe lidakumana nazo: chidindo cha laibulale, madontho a chinyezi, mzere wa pensulo wa wowerenga wina amene adatisiya kalekale. Kuwerenga ndi kutsitsa mabuku akalewa sikulira ndalama ngakhale akaunti. Otsatsa malonda kulibe. Mukangoona uthenga pamwamba wopempha chithandizo, makamaka chaka chikamatha, ndipo mukautseka sakukakamizani.

Buku limene lidandikoka mtima poyamba ndi la R. Sutherland Rattray, la mu 1907, lotchedwa Some Folk-lore Stories and Songs in Chinyanja. Mkuluyu panthawiyo adali mnyamata wogwira ntchito ku kampani ya African Lakes, ija timaitchula kuti Mandala, ndipo pambuyo pake adakatchuka ku Gold Coast, Ghana ya lero, polemba za Aashanti. Zomwe adasonkhanitsa ndi za chigawo chomwe atsamunda ankachitcha Central Angoniland, kumene kukugwa Dedza yathu ino. Bukuli lili ndi magawo atatu. Loyamba ndi Chinyanja chokhachokha, lachiwiri ndi kumasulira kwake m'Chingerezi, lachitatu ndi ndemanga za mwiniwakeyo. Ine ndimakhazikika pa gawo loyambalo. Muli za mwavi, za maliro, za kupempha mvula, nthano, zilapi, miyambi ndi nyimbo. Chichewa chake n'cha pabwalo, cha munthu amene akukusimbira zomwe adaziona ndi maso, osati cha m'kalasi. Ndime ya mwavi ndinaijambulitsa ku sitolo ya mafotokope pa Boma n'kuwapatsa ana kuti aiwerenge mokweza. Poyamba ankaseka kalembedwe, poti akale ankalemba "antu" ndi "ntawi" opanda h, koma nkhani itafika pomwetsana m'kalasi munangoti zii. Mtsikana wina amene sayankhulayankhula anati agogo ake aakazi adamusimbirapo zofanana ndi zimenezo, ndipo phunziro lonse linathera pamenepo, zomwe ndinakonza kuti tichite tsikulo n'kugonera mawa.

Pali chinthu chimodzi choti aphunzitsi anzanga muchidziwe musanapereke adiresi ya bukuli kwa ana. Limakhudzanso za chinamwali ndi za gule. Kwathu kuno nkhani zimenezi zili ndi eni ake ndi malo ake, ndipo si aliyense amene amazitchula pagulu. Webusaiti siidziwa zimenezo. Ilibe namkungwi woti aime pakhomo, aliyense amene ali ndi foni amalowa n'kuwerenga. Sindikunena kuti abise bukulo, poti lidasindikizidwa kalekale ndipo lili m'malaibulale ambiri. Koma ine ndimasankha ndekha masamba opita nawo m'kalasi, ena ndimawasiya m'foni. Amene amaphunzitsa kumidzi ya kuno akudziwa mmene nkhani yotere ingafikire kwa amfumu dzuwa lisanalowe.

Lachiwiri ndi mtanthauziramawu wa David Clement Scott wa mu 1892, wa Chimang'anja, wosindikizidwa ku Edinburgh. Ameneyu ndi m'busa yemwe uja adamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre pakati pa 1888 ndi 1891. Bukuli ndi la masamba oposa 700, ndipo silimangopereka tanthauzo la mawu n'kudumphira pa ena. Ukafika pa liwu la ntchito ina, monga kusula kapena kumanga nyumba, amafotokoza mmene anthu ankachitira, zida zake ndi ziganizo za mmene ankayankhulira. Munthu umalowamo kufuna liwu limodzi, n'kupezeka kuti ola latha uli pa chilembo china. Alexander Hetherwick adadzalikonzanso n'kulitulutsa mu 1929, koma ine ndimakonda loyambalo chifukwa cha kutambasula kwakeko.

Kuli lina lakale kuposa pamenepa, Dictionary of the Kiniassa Language, la mu 1877. Pachikuto pali dzina la Johannes Rebmann, mmishoni wa ku Germany amene ankakhala kufupi ndi Mombasa ndipo sadapondepo kuno. Mawu onsewo adawamva kwa Salimini, munthu wa kwathu kuno amene adagwidwa ukapolo n'kukagulitsidwa kugombe la nyanja yamchere. Bukulo lidatuluka Rebmann atamwalira kale mu 1876. Kalembedwe kake n'kovuta, kotsamira ku Chiswahili ndi ku khutu la Mjeremani, moti silothandiza kwenikweni pophunzitsa. Komabe ndimalitsegula nthawi zina, chifukwa muli mawu amene munthu wogwidwa adapita nawo m'mutu mpaka ku Kenya, ndipo ambiri mwa iwo timawayankhulabe pa msika wa Lizulu.

Pa Histole, chothandiza kwambiri ndi buku la David Livingstone ndi mng'ono wake Charles la mu 1865, lofotokoza ulendo wawo wa pa Zambezi ndi Shire. Adafika pa nyanja ya Chilwa mu April 1859, ndipo pa nyanja ya Malawi mu September chaka chomwecho. Ana athu ambiri amabwera ku sekondale ndi ganizo loti azungu asanafike makolo athu ankangokhala chimanjamanja. Ndimawapatsa masamba amene Livingstone yemweyo akufotokoza midzi ya Amang'anja: ng'anjo zosungunulira chitsulo, osula makasu ndi mikondo, minda ya mapira, nyemba ndi mtedza, amuna akupota ulusi ndi kuluka nsalu. Adalembamo mitundu ya thonje imene adaipeza, lina lobwera lotchedwa "tonje manga", lina lachikaya lotchedwa "tonje cadja". Zithunzi zojambula pamanja zilimo, ndipo pafoni ukhoza kuzikulitsa ndi zala mpaka kuona pelele, chokongoletsera chozungulira chimene ankalowetsa poboola, pa mlomo wa mayi. Mwana akaona zimenezi ndi maso ake, funso la pa mayeso la mmene malonda a akapolo adasokonezera chigwa cha Shire amaliyankha ngati munthu wodziwa kuti padali chinthu choti chisokonezeke.

La Harry Johnston la mu 1897, British Central Africa, liliponso, ndi zithunzi zambiri ndi mindandanda ya mitengo, nyama ndi ziyankhulo. Alice Werner adalemba lake mu 1906. Mabuku a amishoni a ku Livingstonia onena za Angoni a kumpoto nawonso alipo. Pa Johnston pokha konzekerani mtima. Ameneyu ndiye adakhazikitsa boma la atsamunda ku Zomba kuyambira 1891, ndipo m'masamba ena amalemba za ife ngati akufotokoza ziweto. Ndimawerenga ndikutukwana chamumtima, koma ndimawerengabe, poti maganizo amene adabala msonkho wa nyumba ndi kulanda minda ku Thyolo ndi Mulanje ali poyera m'menemo, m'mawu a mwiniwake.

Tsopano zotopetsa. Kufufuza pa webusaitiyi kuli ngati kusankha kaunjika: belo alimasula, zabwino zilimo, koma upinda msana. Ukalemba "Malawi" m'bokosi lofufuzira, zimatuluka zikwizikwi zosakanikirana, malipoti a mabungwe, maulaliki, mavidiyo, nyimbo, zina zosakhudzana ndi dziko lathu n'komwe. Chifukwa chake n'chakuti aliyense ali ndi ufulu woikapo zinthu, ndipo si onse amene amalemba bwino mutu, dzina la mlembi ndi chaka. Buku limodzi likhoza kupezeka kanayi, lina lojambulidwa bwino, lina lakuda bii, lina losowa masamba. Makope ena ochokera ku ntchito ya Google yojambula mabuku amabwera mapu opinda aja ali chipindire, ndipo nthawi zina chala cha wojambula chimaoneka m'mphepete mwa tsamba. Musanatsitse, yambani mwatsegula pakati ndi kumapeto, muone ngati likuwerengeka.

Chomwe chimathandiza ndi kukumbukira kuti mabukuwa adalembedwa dzina loti Malawi lisanakhale la dziko. Lembani Nyasaland, Nyassa, British Central Africa, Nyanja, Manganja, Angoni. Ayao kwa Livingstone ndi Ajawa. Chilwa ndi Shirwa, Mulanje ndi Mlanje, Nkhotakota ndi Kota Kota, Mangochi ndi Fort Johnston, Nsanje ndi Port Herald. Abale athu a ku Chipata afufuze Fort Jameson. Mukatero, kumbali kuli posankha mtundu wa chinthu, sankhani zolembedwa zokha, kenako sankhani zaka. Pali njira ziwiri zofufuzira zimene anthu ambiri sazisiyanitsa. Ina imangoyang'ana mitu ndi mayina a alembi. Ina, yolembedwa kuti "text contents", imalowa m'kati mwa masamba a mabuku onse. Yachiwiriyi ndi imene ingakupezereni dzina la mfumu ya kwanu kapena la phiri la kwanu m'buku limene simukadaliganizira. Mnzanga wina wa ku Ntcheu anapeza dzina la mudzi wa kwawo m'buku la mmishoni, ndipo anakhala sabata yonse akuonetsa aliyense m'chipinda cha aphunzitsi.

Koma musayembekezere zambiri pa mawu a Chichewa. Makina amene amasandutsa chithunzi cha tsamba kukhala zilembo adazolowera Chingerezi, ndipo akafika pa chiyankhulo chathu amapunthwa. Kachizindikiro ka pa ng' amakataya kapena kukasandutsa chinthu china, zilembo zopendekeka za m'madikishonale amazisokoneza, mawu awiri amawamata pamodzi. Choncho bokosi lofufuzira likanena kuti liwu lakuti mulibe, musakhulupirire msanga. Yesani kalembedwe kakale, chotsani h, dulani liwulo mutsale ndi tsinde lake. Zikakanika, tsegulani masamba ndi maso monga tinkachitira kale. Webusaiti yonse ili m'Chingerezi, ndipo pafoni yaing'ono mabatani ake amapanikizana. Agogo a kumudzi sangaigwiritse ntchito popanda mdzukulu pambali.

Nkhani ya bandulo ndi yofunika kuilongosola bwino, poti apa m'pamene ambiri amapsa. Kuwerengera buku pa webusaiti pomwepo, kumatembenuza masamba, kumadya data mwakachetechete, chifukwa tsamba lililonse ndi chithunzi chimene chikutsika. Ndi bwino kutsitsa kamodzi n'kusunga. Pansi pa buku pali mndandanda wolembedwa "Download options". PDF ndi imene imasunga maonekedwe a buku ndi zithunzi zake, koma buku lalikulu ngati la Scott kapena la Johnston limalemera ma MB makumi angapo. "Full text" ndi yopepuka kwambiri, koma ndi zilembo za makina zija, zolakwika zonse zili momwemo, ndiye ndi yabwino pa mabuku a Chingerezi okha. EPUB nayonso imachokera ku zilembo zomwezo, pa mabuku a Chinyanja isiyeni. Pomwe palembedwa JP2 ZIP musagwirepo n'komwe, ndi zithunzi zazikulu za akatswiri, bandulo ya mwezi ikhoza kuthera pomwepo. Mukadina "Show all" mumaona kulemera kwa failo iliyonse musanayambe. Ine ndimatsitsa usiku netiweki ikapepuka, n'kusunga pa memore khadi, kenako anzanga amatenga pa Bluetooth kapena pa WhatsApp.

Kutsitsa n'kofunikanso pa chifukwa china. Mabuku aulerewa ndi amene umwini wake udatha, ndipo ku America buku losindikizidwa kalelo limamasuka pakatha zaka 95. Atsopanopo amangobwereketsa: umatsegula akaunti ndi imelo, n'kubwereka kwa ola limodzi, ukafuna n'kuwonjezera, koma sungalisunge. Njira yobwereketsayi idawagwetsa m'mavuto. Mu 2020, nthawi ya Covid malaibulale atatsekedwa, adachotsa malire a chiwerengero cha anthu obwereka buku limodzi, ndipo makampani anayi osindikiza mabuku, Hachette, HarperCollins, Wiley ndi Penguin Random House, adawatengera kukhoti. Mu March 2023 khoti lidagamula mokomera makampaniwo, ndipo apilo idakanika mu September 2024. Mabuku oposa 500,000 adachotsedwa pa mndandanda wobwereketsa. Mwezi wotsatira, mu October 2024, zidadziwika kuti akuba a pa intaneti adathyola webusaitiyi n'kutenga maimelo ndi zina za maakaunti pafupifupi 31 miliyoni, ndipo idakhala yotseka kwa masiku angapo. Ndiye ngati mukutsegula akaunti, pasiwedi yake isafanane ndi ya imelo kapena ya kubanki. Ndipo buku lakale limene mwalikonda litsitseni lero. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Lamulo la zaka 95 lija lili ndi zotsatira zimene zimandiwawa. Mabuku onena za ife amene ungatsitse momasuka ndi a nthawi imene olemba ndi kusindikiza adali amishoni, mabwanamkubwa, asilikali ndi alenje. Nthawi imene Amalawi adayamba kutulutsa mabuku awoawo mochuluka, kuyambira pa a Samuel Ntara ndi Nthondo yawo ya mu 1933 kubwera mtsogolo, ndi imene umwini wa mabuku ambiri sunathe. Choncho mwana amene angaphunzire mbiri yathu pa webusaitiyi yokha adzamva mbali imodzi, ndipo adzaimva mokweza. Ngakhale buku la Rattray limene ndalitamanda lija, nkhani zake zidatuluka m'kamwa mwa anthu a kuno, koma pachikuto pali dzina limodzi, la mzungu. Vutoli si la Internet Archive, iwo amajambula zomwe zili m'mashelefu a malaibulale ogwirizana nawo, ndipo ambiri mwa malaibulalewo ali ku America ndi ku Ulaya. Koma wowerenga azidziwa. Makalata a mafumu, milandu ya kumakhoti a makolo ndi mafailo a ma DC, zambiri mwa izi zikadali pa mapepala ku National Archives ku Zomba, ndipo zithunzi ndi mabuku ena osowa ali ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre. Wochita kafukufuku weniweni adzakwerabe basi. British Library, kudzera mu ndondomeko yake ya Endangered Archives Programme, idathandiza kujambula zina mwa zikalata za nthawi ya atsamunda zosungidwa kuno, ndipo zimenezo zili pa webusaiti yawo, osati pa archive.org.

Mbali ina ya ntchito yawo, Wayback Machine, ndingoitchula mwachidule poti sindiigwiritsa ntchito kawirikawiri. Idatsegulidwa kwa anthu onse mu 2001, ndipo imasunga mmene mawebusaiti ankaonekera m'mbuyomu. Ukaika adiresi ya nyuzipepala kapena ya unduna, imakuonetsa kalendala ya masiku amene adaijambula. Atolankhani ndi amene angaikonde, pamene wina wafufuta zomwe adalonjeza. Masamba ena amatseguka opanda zithunzi, ena satseguka n'komwe.

Kwa mphunzitsi, wophunzira wa ku koleji, m'busa wofuna mbiri ya mpingo wake, kapena wa kwathu amene ali ku Joni kapena ku Leeds ndipo akufuna kuwerengera ana ake nthano m'chiyankhulo chawo, sindikudziwa malo ena aulere oposa pamenepa. Kwa wofuna manotsi achidule a MSCE, kuno si kwanu, mukangotopa.

Ufulu woikapo zinthu uja, umene umadzetsa chisokonezo pofufuza, ndi womwewo umene ungatithandize. Mu December 2015 laibulale ya Mzuzu University idapsa, mabuku zikwi makumi angapo n'kusanduka phulusa usiku umodzi, ena mwa iwo osowa kwina kulikonse. Moto wotere umamveka pa wailesi, koma chiswe ndi denga lodontha zikudya mapepala m'maofesi a mipingo ndi m'masutikesi a agogo popanda wolengeza. Aliyense amene ali ndi akaunti akhoza kujambula chikalata chakale ndi foni n'kuchiika pa archive.org kwaulere, bola chikhale chake kapena eni ake avomere, ndipo alembe bwino mutu, malo ndi chaka kuti ena adzachipeze. Ku tchalitchi kwathu kuli kaundula wakale wolembedwa pamanja, wa misonkhano ya akuluampingo, masamba ake ayamba kuthothoka m'mphepete. Ndinapempha kuti ndiujambule. Abusa anavomera zojambulazo, koma pa zoika pa intaneti anati tidikire, chifukwa muli mayina a anthu amene adadulidwa mu mpingo ndi zifukwa zake, ndipo adzukulu awo akupempherabe pomwepo. Mfundoyo ndi yomveka. Pakadali pano ndajambula masamba onse n'kusunga pa memore khadi ziwiri, ina ili kwa mlembi wa mpingo, ndipo akuluampingo ati akambirana pa msonkhano wa mwezi wamawa kuti ndi masamba ati angatuluke.